Mpeni wa kabichi pa ulendo wa ku North York

Kwathu ku Ntcheu mkazi sapita kumaliro chimanjamanja. Wina amasenza nkhuni, wina ndowa, wina kaufa m'mbale, ndipo amene ali ndi mpeni wakuthwa amaukulunga m'kansalu n'kuutenga, chifukwa pamene pasonkhana olira pamakhala ndiwo zambiri zofunika kudula. Ine ndinakula ndikuona zimenezi. Palibe anandiuzapo kuti kuli maiko kumene mwambo womwewu ungamuike munthu m'manja mwa apolisi.

Dzina langa ndine Esinati. Ndimakhala ku Hamilton, mzinda wa kufupi ndi Toronto, m'chipinda chapansi pa nyumba ya eni ake, ine ndi mwana wanga Tamanda, amene nthawi imeneyo anali atangoyamba kuthamanga ndi kutchula timawu. Ndinabwera kuno ndikuthawa. Zimene ndinathawa sindizilemba pano. Pempho langa loti ndikhale m'dziko muno linali lisanayankhidwe, ndipo kutchalitchi kwathu aliyense ankandiuza chinthu chimodzi: dzina lako lisadzalembedwe ndi wapolisi, ngakhale pa kanthu kochepa.

"Akangokulemba, ndi ndege basi," ankatero Anaphiri, mayi wamkulu amene amandiyang'anira ngati mwana wawo. "Adzakudipota. Ndipo mwanayo anabadwira kuno, ndi wa boma la kuno. Akhoza kutsala iwe ukupita."

Kaya zinali zoona kaya ankangondiopseza, ine ndinazisunga mumtima.

Mayi Rute ndi mzungu wachiyuda. Anapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo amatiphunzitsa Chingerezi ife othawa kwathu, osalipidwa. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye m'kalasi ndimakhala kumbuyo, osakweza mkono. Koma tsiku lobadwa Tamanda ndi Mayi Rute amene anandithamangitsira kuchipatala, ndipo ndi dzanja lawo limene ndinafinya.

Tsiku lina titaweruka anandiimitsa pakhomo. Anati Lamlungu akupita ku North York, dera la mumzinda wa Toronto, ku sunagoge, nyumba imene Ayuda amapemphereramo, kukakumbukira anthu awo amene anaphedwa. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti ndimve. Zaka zingapo zapitazo, kutsidya kwa malire ku America, munthu wina analowa m'sunagoge ndi mfuti pa tsiku la mapemphero n'kuwombera anthu, ambiri a iwo nkhalamba. Anawapha chifukwa anali Ayuda, komanso chifukwa ankadana ndi zoti Ayuda amathandiza othawa kwawo.

"Othawa ngati ine?" ndinafunsa.

"Ngati iwe. Ukafuna tipitire limodzi. Ukapanda kufuna sindikhumudwa."

Anaphiri atamva anagwira pakamwa. "Kumalo kumene anthu amapitako ndi mfuti? Ndi mwana kumsana? Iwe uli bwinobwino?" Koma ine ndinali nditaganiza kale. Munthu amene anakugwira dzanja pobereka sungamukanire maliro.

M'mutu mwanga ndinkaona ngati tsiku lomanga chiliza kwathu: anthu ali mbwee, amayi kuseri kwa nyumba ndi miphika. Kufunsa ndinachita manyazi. Ndinagula kabichi wamkulu, anyezi ndi tomato. Mpeni wanga wa chigwiriro chakuda ndinaunola pa sitepe ya simenti, n'kuukulunga m'chitenje chakale, n'kuuika pansi m'chikwama, matewera a mwana pamwamba.

Tinanyamuka m'mawa kukuzizira, masamba atayoyokera m'misewu. Galimoto ya Mayi Rute ndi yaing'ono ndiponso yakale, ndipo iwo amayendetsa atasendeza nkhope pafupi ndi chiwongolero ngati akuwerenga msewu. Tamanda tinamumangirira pa kampando kake kumbuyo. Tinadutsa mafakitale a zitsulo utsi uli tolotolo, kenaka tinakwera mlatho wautali uja wodutsa pamwamba pa madzi. Mlatho umenewu ndimauopa. Mphepo inkakankha kagalimoto kathu, malole akutipitirira uku ndi uku ngati nyumba zoyenda. Ndinatsinzina n'kugwira lamba ndi manja awiri.

"Ukupemphera?" anafunsa Mayi Rute.

"Eya, Mayi."

"Upempherere ndi injiniyi. Ndi yokalamba kuposa iwe."

Ndinaseka, osadziwa kuti akunena zenizeni. Titapitirira Burlington kanyali kofiira kanayaka patsogolo pawo. Anakagogoda ndi chala ngati kangazime. Kenaka tinamva fungo ngati la mphika wopserera, utsi woyera n'kuyamba kutuluka kumaso kwa galimoto. Pa msewu waukulu umenewo palibe amene amakudikira. Mahutala ankalira kumbuyo kwathu, Tamanda naye anayamba kulira. Mayi Rute anayankhula mawu ena m'chinenero chimene sindinachimvepo, n'kukhotera pa msewu wotulukira. Galimoto inayenda motsimphina mpaka pabwalo la masitolo ku Oakville, n'kuzima yokha.

Pamenepo tinadikira galimoto yokoka zinzake mpaka zala za kumapazi kuuma. Mayi Rute akaimba foni, akuti ikubwera. Akaimbanso, akuti ili m'njira. Masitolo anali asanatsegule, ndiye panalibe pobisalira mphepo. Anthu a ku Oakville ankadutsa ndi agalu ovala majuzi, kutiyang'ana pang'ono n'kuyang'ana kumbali. Ndinamubereka Tamanda n'kufunda jekete pamwamba pake. Mayi wina anaima n'kundifunsa ngati mwanayo akupuma bwino mmenemo. Ndinangogwedeza mutu.

Wokoka galimoto atafika anasuzumira mu injini n'kupukusa mutu. Anati lero siyenda, ndipo kutsogolo kwa lole yake kuli malo a munthu mmodzi, mwana sangakwere. Mayi Rute anamuuza kuti aitenge, ife tikapeza zokwera. Ndinatulutsa chikwama changa, cholemera ndi kabichi, ndipo tinaima n'kuonerera galimoto yathu ikupita itakwezedwa mphuno.

Itangokhota pakona, Mayi Rute anaimbira mnzawo wa ku sunagoge kumuuza kuti tichedwa. Atamaliza anandiyang'ana.

"Akuti pakhomo pali mzere. Chaka chino kuli apolisi ambiri, poti masiku apitawa ena analemba mawu oipa pakhoma. Akusecha chikwama chilichonse, ndipo aliyense akudutsa pa makina aja olira akamva chitsulo. Usaope, akutiteteza."

Galimoto imene ndikanasiyamo mpeni inali itapita. Ndinadziona mmene apolisi akanandionera: mkazi wakuda, wothawa kwawo, pakhomo pa sunagoge, tsiku lokumbukira ophedwa, mpeni wonola m'chikwama. Ndani akanamvera za kabichi? Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze. Koma ndinaona nkhope yawo yotopa, maso atafiira ndi mphepo, n'kuganiza kuti adzati munthu amene ndinamuthandiza wanditengera mpeni, lero leniweni. Ndinangokumbatira chikwama changa.

"Wazizidwa?"

"Pang'ono, Mayi."

Tinakwera basi yaing'ono yopita ku siteshoni ya sitima. Khadi langa litagunda pa makina linalira moipa, mulibe kanthu, ndipo Mayi Rute anandilipirira asananene chilichonse dalaivala. Pa siteshoni tinapeza chikwangwani choti sitima sizikuyenda, akukonza njanji, aliyense akwere mabasi. Mzere unali utazungulira nyumba. Basi yoyamba inadzadza tisanafike pakati.

Ndinati ndikufuna kukamusintha mwana thewera. Cholinga changa chinali chokataya mpeni m'chimbudzi. Ndinapezamo mayi wokolopa, ali ndi chidebe chake, akumwetulira Tamanda. Ndinalowa m'kachipinda n'kukhoma. Kabini ka mmenemo kanali kakafupi, mpeni unkatulukira kunja. Ndili chigwirire, Tamanda anasuzumira paphewa panga n'kufuula, "Peni! Peni!" Ndinamutseka pakamwa. Ndinaganiza za mayi wokolopayo akudzabaidwa dzanja potaya zinyalala, akuitana apolisi, apolisi akuyang'ana makamera amene anandiona ndikulowa. Ndinaukulunganso n'kuubweza pansi pa matewera.

Ndikusamba m'manja ndinamukalipira mwana motsitsa mawu. "Iwe, takhala chete, undigwiritsa."

Mayi wina wonenepa, wovala yunifomu ya anamwino m'kati mwa jekete, anali akudzola pamilomo pa galasi. Anatembenuka ndi thupi lonse.

"Ah ah! Nimvela Chinyanja mu toileti ya ku Oakville? Muli bwanji amake mwana? A ku Malawi, ai? Kuti?"

"Ku Ntcheu, amayi."

"Angoni anzanga! Ine ndine Amai Tembo, wa ku Chipata. Manje mwana azakugwilitsani cani? Mwaba?"

Sindikudziwa chimene chinandimasula pakamwa. Mwina chinenero. Wokolopa uja atatuluka ndinawanong'oneza zonse.

"Mayo ine! Naifi? Ku chechi ya Ayuda? Lelo?" Anaseka mpaka kugwira sinki. Ataona kuti ine sindikuseka anasiya. "Pepani mwana wanga. Ni mwambo wabwino, koma mwaubweletsa ku dziko ya anthu."

"Simungandisungireko, amayi?"

"Ine niyenda ku shifiti, kuchipatala. Kuja nako kuli masekyuliti. Mufuna anifaye nchito, ana anga azidya kabichi wanu? Uzani mzungu wanu. Kamwa muli nayo."

"Ndikuchita manyazi."

"Manyazi anapha Lambe. Simunamve kwanu ku Ntcheu?"

Tinakwera basi yachiwiri tonse atatu, Amai Tembo kumbuyo kwenikweni, ife pakati. Pokwera ndinaona Mayi Rute akugwira kamkufu kawo ka m'khosi, kokhala ndi nyenyezi imene Ayuda amavala, n'kukalowetsa m'kati mwa juzi. Anachita mwachangu, osayang'anapo, ngati chinthu chimene amachita kawirikawiri. Ndinali ndisanaganizepo kuti mzungu angakhale ndi chobisa m'basi ya dziko lake.

Basi inkaima pa siteshoni iliyonse imene sitima ikanaima. Ku Mississauga magalimoto anathithikana, tikuyenda ngati tikuperekeza maliro. M'basi munatentha. Tamanda anatopa, anakana mkaka, anakana bisiketi, n'kuyamba kulira kuja kosatonthozeka. Chikwama ndinachipana pakati pa miyendo, ndipo basi ikagwedezeka ndinkangoona ngati mpeni uboola nsalu n'kugwera poyera.

Pa siteshoni ina panakwera bambo wamtali, wofiira nkhope, wovala jekete ya kuntchito. Mipando inali itatha, ndiye anaima pambali pathu. Anayamba kung'ung'udza yekha, kenaka anayamba kuyankhula ndi ine. Chingerezi changa n'chochepa, koma chipongwe munthu amachimva ngakhale sanaphunzire. Anati tadzadza dziko. Anati boma limatigoneka m'mahotela ndi misonkho yake, iye akulephera kulipira lendi. Anati ndibwerere kumene ndinachokera ndi kamwana kanga kolira.

Ndinaweramitsa mutu n'kupemphera kuti anene zonse amalize. Ine kutukwanidwa ndikanapirira mpaka ku Toronto, bola pasakhale phokoso loitana apolisi. Koma Mayi Rute anaimirira, aafupi choncho, mutu wawo ukulekezera pachifuwa pake.

"Mwanayu ndi wa kuno ngati iweyo," anatero. "Ndipo mayi akewa ndi mlendo wanga. Ngati uli ndi mawu, uze ine."

Ndinawakoka jekete. "Mayi, asiyeni, chonde."

Nthawi yomweyo basi inagwira mabuleki. Mayi Rute anadzandira, kanyenyezi kaja n'kutuluka pa juzi. Bamboyo anakaona. Anaseka kuseka koipa.

"Ndinadziwa. Ndinu anthu inu amene mumawabweretsa."

Ananena mawu ena okhudza Ayuda amene sindinawamve, koma ndinawawerenga pankhope pa Mayi Rute, imene inatuwa ngati phulusa. Amene ndinamva bwino ndi omaliza, oti Ayuda akanangophedwa onse. Kenaka analowetsa dzanja m'thumba la jekete.

Ndinamugwetsera Tamanda pamiyendo n'kumuphimba ndi thupi langa. Ndinkamva injini ndi kupuma kwanga. Ndinaganiza za Anaphiri, ndinaganiza kuti nkhope ya mwana wanga ili kumunsi, mwina chipolopolo chilekezera mwa ine.

"Bambo inu! Dzanja panja!" Anali Amai Tembo, m'Chingerezi, ndi mawu aja amene anamwino amakhazikira pansi odwala ovuta. Ankabwera m'kanjira akukankha anthu ndi mapewa. Mtsikana wina wofunda mpango kumutu anaimirira n'kuloza foni yake kwa bamboyo. Bambo wina wachikulire anadzaima pakati pa wachipongweyo ndi Mayi Rute. Dzanja lija linatuluka ndi paketi ya fodya.

Dalaivala anakhotera pambali n'kulengeza kuti waitana apolisi. Bamboyo atamva anapita kuchitseko akutukwana, dalaivala n'kumutsegulira. Ali panja anamenya ndi chikhatho windo la pamene tinakhala, kuti phwa, n'kumapita.

Anthu anapumira m'mwamba. Ine mantha anga anali akungoyamba kumene, chifukwa apolisi anali m'njira ndipo dalaivala anati sanyamuka asanafike.

Tinadikira. Ena anayamba kudandaula za ntchito, ena anatsika kukasuta. Mtsikana wa mpango uja anamupatsa Tamanda makiyi ake kuti aziseweretsa. Amai Tembo ankandiyang'ana ine, kuyang'ana chikwama, kuyang'ana kudenga. Ndinaganiza zochikankhira pansi pa mpando wa kutsogolo n'kuchikana, koma munali matewera ndi botolo la mwana, aliyense anali atandiona nacho. Thukuta linkatsika kumsana, kunja kukuzizira chonchija.

Anabwera apolisi awiri. Atafunsa amene watukwanidwa, zala zonse zinaloza ine. Mmodzi ananjuta pambali panga kuti tifanane msinkhu, bondo lake n'kukhudza chikwama.

"Dzina lanu, mayi?"

Ndinangoyang'ana cholembera chake.

"Lembani langa," anatero Mayi Rute. "Ndine ndikudandaula. Uyu wachita mantha, mukuona ali ndi mwana."

Analemba lawo. Poimirira anafuna kusuntha chikwama kuti adutse, n'kuchinyamula pang'ono.

"Kulemera bwanji! Mwaikamo miyala?"

"Kabichi, bwana," anayankha Amai Tembo ine ndisanapume. "Ife kwathu sitiyenda opanda kabichi."

Wapolisiyo anaseka n'kuchiika pansi. Basi itanyamuka ndinaona kuti ndadziluma mlomo mpaka magazi.

Ku Toronto Amai Tembo anatsika akuthamangira shifiti imene anali atachedwa kale. Asanapite ananditsina pamkono. "Kambani musanafike pa geti. Mukakamba mweka ni nkhani ina, akaupeza okha ni nkhani ina. Mwamvela?" Ndinavomera.

Tinatsikira ku sitima ya pansi panthaka, kenaka basi ina yokwera ndi msewu wa Bathurst. Mayi Rute anafumbatira chikwama chawo. Pena anati, "Pepa, Esinati. Ndakutengera ku zoopsa." Apa ndi pamene ndikananena. Koma munthu akukupepesa, umayamba bwanji kumuuza kuti zoopsa zina wanyamula ndiwe?

Sunagoge ndinaidziwira magalimoto a polisi ndi zipilala za simenti zotchinga pakhomo. Mzere unalipobe: nkhalamba za ndodo, ana, abambo ovala tizipewa ting'onoting'ono pamutu. Kutsogolo kunali tebulo pamene ankatsegulira zikwama. Makina analira chifukwa cha makiyi a gogo wina, ndipo ndinaona mmene apolisi onse anatembenukira nthawi imodzi. Mzere unkafupika. Ndinkafuna kubwerera, koma munthu wothawa pa mzere wotere ndi amene amamuthamangitsa. Patsogolo pathu patatsala banja limodzi, ndinakoka mkono wa Mayi Rute.

"Mayi, m'chikwamamu muli mpeni."

Anandiyang'ana. Kwa kanthawi kochepa anandiyang'ana ngati munthu amene sakumudziwa, ndipo kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa mawu onse a bambo wa m'basi uja.

"Mpeni wa chiyani, Esinati?"

"Wa kabichi. Kwathu kumaliro amayi timapita kukaphika. Ndimaganiza kuti nakonso kuno..."

Anatsinzina n'kupuma kwambiri. "Ika chikwama pansi. Usachigwirenso. Manja ako azioneka."

Anapita kwa wapolisi wamkazi amene anali pa tebulo n'kunena mokweza, mosabisa, kuti m'chikwama cha mlendo wawo muli mpeni wa kukhitchini. Mawuwo anayenda mu mzere ngati moto wa m'tchire. Bambo amene anali kumbuyo kwathu anakokera ana ake kuseri kwake. Sindinamuimbe mlandu, inenso ndikanatero. Wapolisi wina anaika dzanja m'chiuno. Miyendo yanga inagwada yokha, mmene timagwadira pamaso pa akuluakulu, Tamanda ali kumsana.

"Imirirani, mayi, imirirani," anatero wapolisi wamkazi uja.

Anatitengera pambali. Anavala magolovesi n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi: matewera, botolo, tomato atatswanyika kale, anyezi, kabichi. Kenaka chitenje. Atachifunyulula mpeni unang'anima, ndipo ndinadandaula kuti ndinaunoleranji chonchija. Anapempha pepala langa la othawa kwawo n'kuliwerenga nthawi yaitali. Anandifunsa chifukwa chake. Ndinafotokoza ndi Chingerezi changa chothyokathyoka, za nkhuni, za ndowa, za amayi kuseri kwa nyumba. Kunabweranso bambo wa pa sunagogepo woyang'anira chitetezo, nkhope ili gwa.

"Mukumudziwa bwino munthuyu?" anafunsa Mayi Rute.

"Ndinalipo mwanayu akubadwa," anayankha.

Ine funso langa linali limodzi, ndipo linatuluka lokha. "Mundilemba? Mwana wanga mumutenga?"

Wapolisiyo anayang'ana kabichi, n'kuyang'ana ine. "Mpeniwu utsala kuno, simuutenganso. Mwanena nokha tisanatsegule, ndiye sindikulembani. Mwana ndi wanu. Koma tsiku lina muzifunsa kaye." Anandibwezera pepala langa. Ndinalilandira ndi manja awiri.

M'kati tinapeza mwambo uli pakati. Kutsogolo kunkayaka makandulo, ndipo ankatchula maina a ophedwa limodzilimodzi, pang'onopang'ono. Kwathu tikanalira mokweza mpaka denga kugwedezeka. Kuno kulira kwake n'kwachinunu, umangoona mapewa akugwedera. Mtsogoleri wawo wa mapemphero anati wakuphayo ankafuna kuti Ayuda atseke chitseko kwa othawa kwawo, ndipo akachitseka chifukwa cha mantha ndiye kuti amugwirira ntchito yake. Kenaka anapempha kuti aimirire onse amene anabwera m'dziko muno akuthawa, kapena amene makolo awo anabwera akuthawa. Ndinaganiza kuti ndiimirira ndekha, anthu onse andiyang'ane. Koma mipando inalira paliponse. Nkhalamba zinkadzuka zikutsamira ndodo. Pafupifupi nyumba yonse inaimirira, ndipo Mayi Rute anandidzutsa atadzuka kale iwo.

Tili chiimire, kumbuyo kunamveka phokoso kuti pha! Anthu onse anawerama nthawi imodzi. Gogo wina patsogolo panga anadziponya pa mkazi wake. Ine ndinapezeka pansi, Tamanda ndamupana pachifuwa. Unali mpando wopinda umene unagwa. Panapita kanthawi anthu asanayambe kudzuka, ena akuseka motsitsa, ena akupukuta maso. Mkazi wa gogo uja anamukonza kachipewa kamene kanapendekeka.

Mwambo utatha anthu anatsikira m'chipinda chapansi kukamwa tiyi. Ambiri ankabwera kudzandipatsa moni, ine osadziwa poika maso ndi manja. Ndinamusiya Tamanda akugona pamiyendo ya Mayi Rute, ndinanyamula chikwama n'kuzembera kukhitchini, kumene ndinkamva mbale zikulira. Ndinapezako mayi wina wokalamba, wamfupi, wovala epuloni, amene anzake ankamutchula Hana. Nkhani yanga inali itafikako kale.

"Ndiwe wa mpeni uja?"

"Eya, Mayi. Pepani."

"Mdzukulu wanga anali pa mzerewo. Anabwera akuthamanga, ine mtima unatsala pang'ono kuima." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osamwetulira. "Ndipo ngakhale akanakulola, mpeni wakowo sukanagwira ntchito muno. Ife mpeni wa nyama ndi wa za mkaka sitisakaniza. Wakowo sitikudziwa unadula chiyani."

"Sindimadziwa, Mayi."

"Ukanadziwira kuti? Tatulutsa tione."

Ndinatulutsa kabichi uja. Anamutembenuza uku ndi uku, n'kusenda tsamba limodzi lofota.

"Uyu alibe mlandu," anatero.

Anakoka dilowa n'kutulutsa mpeni wautali, waukulu kuposa wanga, n'kundipatsa atalozetsa chigwiriro kwa ine.

"Udule mopyapyala. Mano athu anatha."

Atatero ananditembenukira msana n'kuwerama kufuna beseni m'kabati ya pansi. Ndinaima ndi mpeni m'manja, ndikuyang'ana msana wawo wopindika ndi imvi za pankhongo pawo. Sanacheuke. Ankangosuntha mapoto, akudandaula kuti wina wasokoneza zinthu zawo. Ndinaika kabichi pa thabwa n'kuyamba kudula.